Tsiku Limene Ovololo ya Triza Inapita ku Msonkhano

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la golosale ya mlamu wanga, moyang'anana ndi geti la msika wathu, panjira yopita ku Makwasa. Anthu amanditcha Che Lajabu, ndipo ena amati ndine wolongolola, koma munthu amene amakhala tsiku lonse akupalasa makina n'kumayang'ana geti limodzi sangalephere kukhala ndi maganizo pa aliyense wolowa ndi wotuluka. Za malamulo sindizidziwa. Mkangano wa khonsolo ndi bungwe la ogwira ntchito ndinaumva kuchokera mbali zonse ziwiri, pawailesi ndi pamaso, ndipo mpaka lero mukandifunsa kuti wolakwa ndani ndingokuyang'anani. Amene ndikumudziwa ndi Triza Muhiwa, chifukwa dzina lake ndinalisoka ndi manja angawa.

Triza anabadwira m'makomboni a esiteti ya tiyi ya kumtunda kwathuku. Agogo ake anachokera ku Mozambiki wapansi, n'kudzapeza kuti malo onse abwino anadzalidwa kale tiyi. Mayi ake ankathyola, bambo ake ankadulira. Iye anakula akudziwa kuti pa esiteti munthu ndi nambala. Nambala ndiyo imapatsidwa mzere wothyola, nambala ndiyo imakhala m'nyumba ya komboni, ndipo pa sikelo kalaliki amayamba waitana nambala, dzina n'kubwera pambuyo. Munthu akhoza kudwala malungo, akhoza kupita kumaliro, akhoza kubereka, koma nambala siyenera kugona. Ikagona kawiri katatu kapitawo amaipereka kwa wina.

Choncho anthu a m'makomboni ali ndi njira yawo. Mayi akadwala, mwana wamkazi amamanga dengu kumsana n'kukalowa mumzere. Kalaliki akaitana dzina la mayiyo, mwanayo amayankha kuti "Ndilipo," masamba amayezedwa, tsiku lalowa. Kapitawo amaona ndithu, koma amayang'ana kumbali, poti tiyi wa dzinja sadikira munthu. Kumeneko zimenezi sazitcha bodza. Amazitcha chibale, ndipo amene amakana kuthyolera m'bale wake ndiye amanenedwa pachitsime.

Triza anathyola pa nambala ya mayi ake asanathe n'komwe msinkhu. Atakwatiwa ndi Lackson anathyola pa nambala ya Lackson chifuwa chitamugwira, ndipo anthu amaseka mpaka pano kuti sabata ya maliro ake Lackson anathyola tiyi wambiri kuposa mmene ankathyolera ali moyo. Kenako anamulemba yekha, koma mwa sizoni: mvula ikayamba amuitana, ikatha amuuza kuti akapume kaye. Zaka zinapita choncho. Zala zake zinada n'kung'ambika, msana unapindika pang'ono, mwana wake Tisungane anafika ku sekondale.

Ndiye khonsolo inalengeza kuti ikufuna osesa m'misika. Triza anapita limodzi ndi chikhamu cha anthu, ena atanyamula mapepala a folomu folo, ndipo mmene zinayendera sindikudziwa, koma anamutenga. Ntchito ya dzinja ndi chilimwe chomwe, ya penshoni kumapeto. Anangomuuza kuti miyezi yoyamba ndi ya pulobeshoni, aone kaye kagwiridwe kake asanamukhazikitse.

Tsiku lomwe analandira zovala anabwera pakhonde panga atakumbatira chinsalu chobiriwira.

"Che Lajabu, mosheliwa?" Amakonda kundipatsa moni wa Chilomwe podziwa kuti ndimayankha mokhota.

"Tadzuka, amake Tisungane. Mwatenga tenti ya maliro a ndani imeneyo?"

"Si tenti iyi, ndi ovololo ya kuntchito. Anasokera chimunthu chachimuna. Mundichepetsere. Komanso mundisokere dzina apa." Analoza pachifuwa.

"Dzina lanji? Kumsanaku alemba kale kuti khonsolo."

"Khonsolo si ine. Mulembe Triza Muhiwa. Zilembo zikuluzikulu, zoti munthu aziwerenga ali uko kogulitsa usipa."

Ndinasoka ndi ulusi wachikasu. Atabwera kudzatenga anayendetsa chala pa chilembo chilichonse, milomo ikugwedera, chifukwa kuwerenga amawerenga koma mokoka. Kenako anati, "Chibadwire sindinavalepo chinthu cholembedwa ine." Ndinamuseka kuti asanyade kwambiri, akagwa m'ngalande anthu adzadziwa msanga kuti wagwa ndani. Koma kunena zoona zinandikhudza, ndipo ndinakondwa naye.

Msika wathu unayera. Sindikunena mokometsa. Munthu amene wazolowera kusankha masamba awiri ndi kansonga tsiku lonse, diso lake silidumpha khoko la nthochi. Ankafika ife tisanatsegule, n'kuyambira kuchimbudzi, kutsikira kwa anyama, kudzamalizira pageti, ndipo amayi a tomato amene anazolowera kutaya zoola paliponse anayamba kumuopa.

Kenako mavuto anabwera pa minibasi atavala kapu yofiira. Anali a Benard, mlembi wa bungwe la ogwira ntchito, limene aliyense kuno amangoti yuniyoni. Anasonkhanitsa olembedwa kumene pansi pa mtengo wa mango wa pageti: Triza, mlonda, ndi odula matikiti awiri. Ine ndinasiya kupalasa kuti ndimve bwino.

"Makomuredi," anatero a Benard, "Lachisanu likudzali nonse mukufunika ku boma. Kuli oliyentesheni ya yuniyoni. Tikakuuzani ufulu wanu, zoyenera kusaina ndi zosayenera kusaina. Si ya ofuna okha ayi. Agirimenti, pangano la yuniyoni ndi boma, inasainidwa ku likulu: aliyense wolowa kumene ntchito ya boma ayenera kudutsa kwa ife. Wosabwera asadzatidandaulire akadzakana kumukhazikitsa."

"Nanga ntchito, bwana?" anafunsa Triza. "Lachisanu ndi tsiku la msika."

"Ine si bwana, mayi, ndine komuredi mnzanu. Tsikulo ndi la ntchito ndithu, kungoti mukagwirira kumsonkhano."

M'mawa mwake kunabwera njinga yamoto ya khonsolo. Anatsika a Blackson, oyang'anira misika ya chigawo chino, munthu wosaipa mtima koma wotopa nthawi zonse. Anawaimika anthu omwe aja pansi pa mtengo womwe uja.

"Ndamva kuti kunabwera alendo dzulo. Tsono mvetserani. Khonsolo yakana. Yalemba kalata ku likulu kuti siinafunsidwe, ndipo mpaka yankho libwere palibe wochoka pantchito. Amene sindidzam'peza pano Lachisanu wajomba. Ndipo musaiwale kuti muli pa pulobeshoni."

"Koma a yuniyoni akuti ndi lamulo," anatero mlonda.

"Ndi lamulo lawo."

"Inuyo simuli m'yuniyonimo, bwana?" anafunsa Triza.

A Blackson anakanda m'mutu. "Ndilimo. Ndine membala wakalekale. Koma lero ndikuyankhula ngati bwana wanu. Mukadzandipeza Loweruka ndidzakuuzani zina."

"Nanga Loweruka si ndiye Lachisanu litadutsa?"

Analiza njinga n'kumapita, ndipo anthu anayi aja anangotsala kakasi.

Sabata imeneyo nkhaniyi inali pawailesi. Ndinamva woyankhulira makhonsolo akunena kuti iwo sadana ndi yuniyoni, koma maola a wantchito amalipiridwa ndi msonkho wa anthu, ndiye wosesa akapita kumsonkhano msika usesedwe ndi ndani? Anati kulowa yuniyoni n'kufuna kwa munthu, nanga msonkhano wake ukhala bwanji wokakamiza? Anatinso khonsolo ili ndi maphunziro akeake a olowa kumene, ndipo palibe anaifunsa asanasaine zinthu ku likulu. Ine ndinagwedeza mutu kuti apa wanena zoona. Kenako anayankhula wa yuniyoni. Anati wolowa kumene ndiye amaponderezedwa chifukwa sadziwa kolowera, amasesa zimbudzi opanda magolovesi n'kumathokoza, ndipo tsiku limodzi lokha silingagwetse khonsolo. Ndinagwedezanso mutu kuti apanso wanena zoona. Pofika kumapeto kwa pulogalamuyo ndinapeza kuti ndalumikiza mkono wa malaya a mwini wake mozondoka.

Triza ndiye anagwira njakata. Za yuniyoni ankazidziwa mwa ku esiteti. Kumeneko anaonapo anthu opita kumisonkhano osaitanidwanso sizoni yotsatira, anaonanso osapita akutchedwa akapirikoni, akazitape a abwana, n'kumasalidwa pachitsime. Anaimbira foni a Benard kuwauza kuti abwana akuti asapite. A Benard anati abwana akewo alibe mphamvu pa nkhaniyi. Anadikirira a Blackson n'kuwauza kuti a yuniyoni akuti abwana alibe mphamvu. A Blackson anamufunsa ngati malipiro ake amachokera kwa a Benard. Anabwera kudzakhala pabenchi langa, tsache lili pamiyendo.

"Che Lajabu, inu mumamvera wailesi. Wamkulu ndani pa awiriwa?"

"Sindikudziwa, amake Tisungane. Koma sankhani kumodzi. Mapanga awiri avumbwitsa."

"Awa si mapanga, Che Lajabu. Onse awiri ndi mvula."

Anayang'ana geti, kenako nkhope yake inamasuka ngati munthu amene wakumbukira pomwe anaika kiyi. Anadzuka, nati zikomo, ngakhale palibe chomwe ndinamuthandiza.

Lachisanu kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene kamalowa mpaka m'mafupa. Ndikutulutsa makina ndinaona ovololo yobiriwira ikukwera minibasi ya ku boma, ulusi wanga wachikasu uli pachifuwa. Ndinati basi, wasankha yuniyoni. Koma nditatembenuka ndinaona Triza yemweyo ali pageti, atavala chitenje ndi juzi yakale, pepala la pulasitiki lili kumutu mwa anthu othyola tiyi, akusesa.

Ndinayang'ana minibasi, ndinayang'ana Triza. Ndinayang'ananso minibasi.

"Amake Tisungane! Nanga wakwera uja ndani?"

"Ndi Olivia, mng'ono wanga." Anayankha modekha, tsache osaimitsa. "Akandikhalira kumsonkhano. Ine ndisesa. A Benard apeza Triza, a Blackson apeza Triza. Nambala isagone."

"Nanga Olivia si amathyola ku esiteti? Pa nambala yake pali ndani lero?"

"Mlamu wake."

"Mayi inu, kuno si ku esiteti."

"Ntchito ndi ntchito, Che Lajabu. Ndaba chiyani? Msika ukuseseka, msonkhano ukukhalika."

Ndinkaona kuti pali chokhota, koma mukanandiuza kuti ndiloze pomwe chakhotera sindikanatha. Akuluakulu a ku likulu analephera kugwirizanitsa mbali ziwirizi, ndipo apa mayi wa tsache anali atazigwirizanitsa dzuwa lisanakwere.

Chakum'mawa komweko a Blackson anafika. Anali ndi misika ina yoti ayendere, kamvula kakuwaza, ndiye sanatsike njinga, ngakhale chipewa sanavule. Anaima pageti n'kuponya maso uku ndi uku kufunafuna chobiriwira. Triza anali pomwepo, atawerama pakati pa amayi a masamba amene nawonso anafunda mapulasitiki. Maso a a Blackson anamudutsa monga mmene amadutsira mulu wa kabichi. Ndinakuwa kuti, "Bwana, ndi uyo apoyo!" koma njinga ya khonsolo ija imalira ngati chigayo. Anapukusa mutu n'kumapita.

Tsono muyenera kumudziwa Olivia. Mimba imodzi, nkhope zofananako, koma pakamwa n'posiyana. Triza akhoza kukhala nanu tsiku lonse n'kunena mawu asanu. Olivia amayankhula ngakhale ali ndi chinangwa m'kamwa. Mkulu wake anamutuma kuti akakhale kumbuyo, akamvetsere, akabwere nazo. Koma a Benard atafunsa ngati pali wina ali ndi dandaulo, Olivia anaimirira. Zonse zimene Triza ankamunong'oneza madzulo kunyumba anazikhuthula pagulu: zimbudzi zotsuka opanda magolovesi, majombo amene analonjezedwa osabwera, matsache ogula ndi ndalama ya m'thumba. Anthu anaomba m'manja mpaka ena kuimirira. Pomaliza anamusankha kukhala woimira onse olembedwa kumene, namuveka kapu yofiira, namujambula atakweza chibakera.

Anatsika minibasi madzulo akuvina.

"Achemwali! Achemwali, mwasankhidwa!"

"Ndasankhidwa chiyani?"

"Ndinu mtsogoleri! Munayankhula bwino zedi, anthu mpaka kulira!"

Triza anakhala pansi pomwepo pa sitepe ya golosale. Pofika Loweruka chithunzi chija chinali m'mafoni a boma lonse. Nkhope inabisika ndi kapu, koma zilembo zanga, poti anandiuza kuti zikhale zikuluzikulu, zinkawerengeka bwinobwino.

Mvula ikakuona litsiro siikata. Sabata yotsatira Triza anaitanidwa ku ofesi ya khonsolo ku boma kuti akafotokoze chifukwa chomwe anajombera ntchito n'kukanyoza olemba ntchito ake pagulu. Anandipempha kuti ndikakhale mboni yoti anasesa. Ndinavomera, poti ndinkafunanso kukagula ulusi. Olivia naye anabwera, palibe akanamuletsa.

M'chipindamo munali mayi wa ku ofesi yolemba antchito, wa magalasi, wooneka kuti nkhani ngati izi zamukwana. Munali a Blackson. Munalinso a Benard, amene anabwera kudzateteza mtsogoleri wawo watsopano. Triza anali atavala ovololo yake, Olivia ali pambali pake ndi diresi la kutchalitchi. A Benard anadutsa Olivia osamuyang'ana, nagwira dzanja la Triza ndi manja awiri.

"Komuredi Muhiwa! Mawu anu aja akumveka mpaka ku likulu. Musaope chilichonse."

Olivia anatsokomola. Palibe anatembenuka.

Kenako anayamba kukangana, ndipo ndikuuzeni, anakangana mokoma. Mayi wa magalasi anati khonsolo inanena poyera kuti ikutsutsa msonkhanowo, ndipo wantchito wa pulobeshoni sangasankhe yekha lamulo loti amvere. A Benard anati agirimenti ya ku likulu ndi yaikulu kuposa kalata ya khonsolo, ndipo kulanga mayiyu n'kulanga yuniyoni yonse. Mayi uja anati agirimenti imene sanaisaine siingawamange. A Benard anati ufulu wa mayiyu suyembekeza siginecha ya munthu. Onse awiri ankati "mayiyu, mayiyu," akuloza Triza ndi cholembera, koma palibe anamufunsa kanthu. A Blackson ankangoyang'ana kudenga, mwina posadziwa kuti tsiku limenelo ndi bwana kapena membala.

Triza anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Nkhope yake inali yowala, chifukwa ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti wanyamula mankhwala a mkangano wonsewo.

"Pepani mabwana, musakangane chifukwa cha ine. Nonse ndinakumverani. Bwana Blackson anati ndisachoke, sindinachoke, ndinasesa tsiku lonse, Che Lajabu awa ndi mboni. Bwana Benard anati ndipite, ndinapita. Anandipitira mng'ono wangayu."



"Anakupitirani?" anafunsa mayi wa magalasi.

"Eya, pa dzina langa. Ndinamubwereka ovololo kuti asavutike kudzifotokoza."

A Benard anayang'ana Olivia koyamba. Anayang'ana Triza. Anatulutsa foni n'kuyang'ana chithunzi, kenako Olivia kachiwiri.

"Ndinayankhula ndine, akomuredi," anatero Olivia. "Koma mawu onse ndi a achemwali. Ine ndinangowanyamula."

"Dikirani kaye," anatero a Blackson. "Ndiye kuti mayiwa sanajombe? Chifukwa kunena zoona msika unali woyera Loweruka. Ndinadabwa."

"Ngati sanajombe," anatero mayi uja pang'onopang'ono, "ndiye kuti anapereka yunifolomu ya khonsolo kwa munthu wakunja, kuti akadzitche wantchito wa khonsolo, n'kukanyoza khonsolo. Umenewu ndi mlandu waukulu kuposa kujomba."

"Koma zimene ananenazo n'zoona," anatero Olivia. "Magolovesi kulibe."

"Inu mayi simuli pantchito pano, khalani chete," anatero mayi wa magalasi.

"Nanga poti ndine mtsogoleri?"

"Mtsogoleri ndi Triza Muhiwa," anatero a Benard, thukuta lili kamukamu.

"Ndiye ndine," anatero Triza.

"Ayi, inu simunabwere ku oliyentesheni. Ndiye kuti mwalamulo simunadutse kwa ife. Amene anasaina kuti walowa yuniyoni si inu."

"Ndiye simunditeteza?"

"Tikutetezani, komuredi, kungoti... tiyenera tione kaye kuti tikuteteza ndani."

Mayi wa magalasi anavula magalasi aja n'kutikita m'maso. Anafunsa a Blackson kuti alembe chiyani, kujomba kapena kusajomba. A Blackson anati iwo sanamuone, koma sakukana kuti analipo. Anandifunsa ine. Ndinati ndinaona Triza akusesa ndipo ndinaona dzina la Triza likukwera minibasi, zonse ziwiri ndi maso angawa. Anandiuza kuti mwatithandiza kwambiri bambo, khalani pansi.

Triza ankayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Kuwala kuja kunali kutachoka. "Mabwana," anatero motsitsa mawu, "ndiuzeni chomwe ndinalakwa kuti ndisadzabwerezenso. Kwathu munthu ukafunika pawiri umatuma m'bale wako. Ndikanapita, mukanandichotsa. Ndikanapanda kupita, sakanandikhazikitsa. Ndiye njira yolondola inali iti?"

Ine ndinalidikira yankho la funso limenelo, chifukwa nanenso ndinkalifuna.

Chigamulo chinali chakuti Triza akakhale kaye kunyumba. Sanamuchotse, sanamukhazikitse. Mlandu wake, anatero mayi uja, sungaweruzidwe mpaka ku likulu atanena ngati msonkhano uja unali wovomerezeka kapena ayi, chifukwa pamenepo m'pamene padzadziwike lamulo limene iye anaphwanya. Ovololo aisiye, ndi katundu wa khonsolo, ivalidwa ndi wogwirizira. Ndipo poti pasokedwa dzina popanda chilolezo, dzinalo lichotsedwe.

"Si inu telala?" anandifunsa mayi uja. "Tithandizeni."

Ndinakhala pakhonde la ofesi ya khonsolo ndi lezala, ovololo ili pamaondo. Ndasokapo zinthu zambiri n'kuzisomolanso, ndi ntchito yanga, koma tsiku limenelo ndinakwiya osadziwa woti ndimukwiyire. Triza anakhala pambali panga atafunda chitenje cha Olivia. Ulusi wachikasu uliwonse umene ndinkasolola ankautola n'kuukulunga pachala. Nditamaliza, timabowo ta singano tinatsala pansaluyo, moti woyang'anitsitsa akanatha kuwerengabe. Anapempha kuti aigwireko kamodzi, kenako anakaipereka yekha m'manja mwa mayi uja, atagwada pang'ono mwaulemu.

Kuchokera pamenepo yankho la ku likulu tikulidikirabe. Pawailesi amati zokambirana zikuyenda bwino. Msika wathu ukusesedwa ndi mphwake wa winawake, amene amayambira pageti n'kuthera pageti pomwepo. Magolovesi anabwera, zimenezo ndisabise, ndipo a Benard amati ndi chipatso cha kulimba mtima kwa Komuredi Muhiwa. A yuniyoni sanamutaye Triza. Nkhani yake amaitchula pamsonkhano uliwonse, ndipo amatumiza uthenga kuti abwere adzayankhule. Triza anapitako kamodzi, anaimirira, ananena kuti zikomo, nakhala pansi. Anthu anakhumudwa. Kuyambira pamenepo a Benard amapempha kuti azibwera ndi mng'ono wake, ndipo pang'ono ndi pang'ono zinangokhala kuti Olivia azipita yekha kukamuyankhulira.

Mvula itayamba, tiyi anaphuka, esiteti inaitana anthu ake a sizoni. Dzina la Triza panalibe, poti anatsanzika yekha chaka chatha kuti wapeza ntchito ya boma. Koma Olivia akapita kumisonkhano, nambala yake siingagone.

Tsiku lina ndinakwera kumtunda kukapereka madiresi a kwaya kumakomboni. Njira imadutsa pashedi yoyezera masamba, ndipo ndinafika nthawi ya sikelo ya masana. Amayi anali pamzere, madengu ali pansi, mapulasitiki ali kumutu. Ndinamuzindikira ndi msana. Pachala chake chakumanzere panali ulusi wachikasu, utada kale ndi utomoni wa tiyi.

Kalaliki anaitana nambala osadzutsa mutu, kenako dzina.

"Olivia Muhiwa!"

Triza anandiona. Anandiyang'ana kanthawi, ndipo ndinaganiza kuti andipatsa moni wake wa Chilomwe uja, koma sanatero. Anatembenukira kwa kalaliki.

"Ndilipo," anatero, nanyamula dengu kupita nalo pa sikelo.